Mbande 500 m'Januwale, zatsala zingati m'Okutobala? Mmene achinyamata amaphunzirira zachilengedwe panja

M'mayiko olemera makolo amadandaula kuti ana awo osinkhukirapo satulukanso m'nyumba, amangokhalira foni ndi kompyuta. Dandaulo limeneli layamba kumvekanso ku Area 47, ku Namiwawa ndi ku Katoto, koma kwa achinyamata ambiri a m'Malawi nkhani ndi ina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi theka la iwo osakwana zaka 18, ndipo oposa 8 mwa 10 alionse amakhala kumudzi. Mtsikana wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera amakhala atapita kale kumjigo dzuwa lisanatuluke, Loweruka n'kulowera kuphiri kukatola nkhuni. Mnzake wamwamuna amasiyanitsa una wa mbewa wokhalamo ndi wosiyidwa, amadziwa chulu chimene chitulutse ngumbi mvula ikagwa masana, amadziwa mwezi umene masuku amapsa. Awa sasowa kutulutsidwa panja. Chovuta n'chakuti zimene amadziwa kutchire sizikumana ndi zimene amakopera pabolodi pa phunziro la Jogalafe, Bayoloje kapena Ulimi, ndipo palibe amene amawauza kuti zonsezo ndi nkhani imodzi.

Panja pali ntchito ndi chibalo

Pasukulu zambiri wophunzira amagwira khasu kapena chikwakwa akachedwa m'mawa kapena akasokosa m'kalasi. Kukumba dzenje la zinyalala, kuzula chitsa, kutchetcha bwalo la mpira dzuwa lili paliwombo, zonsezi ndi zilango. Pofika zaka 15 mwana amakhala atamva bwinobwino kuti wanzeru amakhala pa desiki, wolakwa ndiye amakhala panja. Tsono mphunzitsi akayambitsa kalabu ya zachilengedwe n'kuyamba ndi kusesa ndi kutola mapepala, a Fomu 3 ndi Fomu 4 amathawa, amatsala a Fomu 1 amene sanadziwe kukana. Choncho chinthu choyamba chogwirizana ndi ahedi n'chakuti wolakwa asamatumidwe kukathirira nazale kapena kukapalira mitengo ya kalabu. Zikasakanikirana, kalabu yafa.

Msinkhu nawonso uli ndi zake. Mwana wa Sitandade 3 amakhutira ndi nyimbo yonena za mitengo. Wa zaka 16 amafunsa chifukwa, ndipo amaona msanga akuluakulu akamanena china n'kumachita china. Amamva m'kalasi kuti makala akutha nkhalango, madzulo n'kuona thumba la makala likutsitsidwa pa nyumba za aphunzitsi, khitchini ya sukulu yogonera ikusonkhera zikuni za mitengo yachilengedwe. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'kalasi momwemo muli ana amene fizi yawo inachokera ku uvuni wa makala. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakula, izi ophunzira ayenera kuzidziwa. Koma mphunzitsi amene amalankhula za ootcha makala ngati adani a dziko amakhala akunyoza bambo a mwana amene wakhala kutsogolo kwake, ndipo mwanayo sadzabweranso. Funso lothandiza ndi loti banja limatha nkhuni zingati pa sabata, ndipo zingachepe bwanji. Limeneli lili ndi yankho loti ophunzira angalipime okha.

Makalabu si achilendo kuno. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuyendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Tsiku lodzala mitengo linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo lero ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mibadwo ingapo yadzala mitengo pasukulu. Komabe mukayenda m'sukulu zambiri mupeza mabulugama akale ochepa, mtengo wa mango, basi. Mbande zinapita kuti?

Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya mtengo

Gawo lalikulu la yankho lili pa nthawi. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pomwe mbewu za mitengo yochedwa kukula zimayenera kukhala zili kale m'machubu. Nyengo yodzala imatsegulidwa pamene sukulu zikutsekera tchuthi cha Khirisimasi, motero zambiri zimadzala kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mbande zitatsala ndi masabata ochepa a mvula oti zizikike mizu. Mayeso a JCE ndi MSCE amatenga chidwi chonse cha teremu yachitatu. Kenaka tchuthi chachitali chimagwera mu Ogasiti, mwezi umene mbuzi zamasulidwa chifukwa m'minda mwakololedwa, anyamata akutentha tchire posaka mbewa, ndipo chiswe chikufunafuna chinyontho pa mizu ya mbande. Pa nthawi yoopsa kwambiri pa moyo wa kamtengo, pasukulu pamakhala mlonda yekha.

Kalabu yodziwa zimenezi imagawa ntchito motsata mtengo. Ophunzira okhala pafupi ndi sukulu, anayi kapena asanu pa sabata, amasinthana pa tchuthi, ndipo mndandanda wawo umasainidwa ndi komiti ya sukulu ndi makolo sukulu isanatseke. Maenje amakumbidwa mu Novembala. Kudzala kumachitika mvula ikangokhazikika, ngakhale mlendo wolemekezeka asanapezeke.

Nazale ndiye kalasi yeniyeni

Kulandira mbande zokulakula kuchokera ku bungwe n'kuzidzala tsiku limodzi sikuphunzitsa zambiri. Phunziro lili pa miyezi itatu kapena inayi ya nazale, chifukwa pamenepo cholakwika chilichonse chimaoneka pa masabata awiri okha.

Malo akhale pafupi ndi madzi osaphwa, pokwererako pang'ono kuti madzi asamadikhe, ndipo atchingidwe ndi mpanda wa udzu chifukwa nkhuku imodzi imatha kufukula bedi lonse m'mawa umodzi. Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati popanda kuponda machubu. Dothi losakaniza limene ambiri amagwiritsa ntchito ndi magawo atatu a dothi lapamwamba la pansi pa mitengo, gawo limodzi la manyowa owolerana, ndi gawo limodzi la mchenga. Poyesa, nyowetsani pang'ono n'kufinya m'dzanja: likaumbika koma n'kuphwanyika mukaligunda ndi chala, lili bwino. Likamata ngati la mphika, onjezani mchenga. Manyowa osapsa amatentha mizu ndipo amaitana chiswe. Machubu akasowa, mapaketi a shuga kapena a mkaka oboola pansi amagwira ntchito, bola madzi azituluka.

Mbewu za mitengo sizimera mofanana, ndipo apa ndi pamene Bayoloje imatsika pabolodi. Nsangu, mthethe ndi msambamfumu zili ndi khungu lolimba losalowa madzi. Zimafunika kuchekedwa pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kamaso kotulukira muzu, kenaka n'kuviikidwa m'madzi ozizira usiku umodzi. Mukacheka pa kamasopo mwapha mbewu. Gilisidiya safuna zambiri, kumuviika usiku umodzi n'kokwanira. Mbawa ndi masuku zimafuna kufesedwa zikadali zatsopano, chifukwa zikakhalitsa m'kabati ya ahedi miyezi ingapo zambiri sizimeranso. Kuya kofesera kukhale pafupifupi kawiri kukula kwa mbewuyo. Gawani ophunzira m'magulu, lina lifese mbewu 50 za nsangu zocheka, lina 50 zosacheka, ndipo aziwerenga zomera tsiku lililonse kwa masabata atatu. Tebulo limene adzajambule ndi lawolawo, ndipo funso la mayeso lokhudza kameredwe ka mbewu silidzawavutanso.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka n'zodziwika. Kuthirira mopitiriza muyezo pa mthunzi wothithikana kumawoletsa tsinde pamene lakhudza dothi, mbande n'kumagwa ngati zadulidwa. Mankhwala ake ndi kuchepetsa madzi ndi kupatulira udzu wa padenga kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa. Kuthirira kukhale m'mawa ndi madzulo, ndi kheni yokhala ndi chisefa, osati kukhuthula ndowa. Mizu ikatulukira pansi pa chubu n'kulowa m'nthaka, mbande imaoneka yobiriwira kuposa zinzake, koma tsiku loinyamula muzu waukulu umaduka ndipo imafota. N'chifukwa chake masabata awiri alionse machubu amanyamulidwa, mizu yotuluka n'kudulidwa ndi mpeni wakuthwa, kenaka n'kuthirira. Nsangu imathamangitsa muzu pansi mofulumira, motero siyenera kukhalitsa pa nazale: masabata 6 mpaka 8 ndi okwanira, ndiye imafesedwa mochedwa kuposa mbawa. Kutatsala masabata atatu kapena anayi kuti mudzale, chotsani mthunzi pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Mbande yochoka pa mthunzi lero n'kukadzalidwa pa dzuwa mawa imapsa masamba.

Dzenje likhale la masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi kuya, lokulirapo ngati nthaka ndi yolimba kapena mtengo ndi wa zipatso. Dothi lapamwamba liikidwe padera ndipo libwerere pansi poyamba. Pulasitiki ichotsedwe. Izi zikumveka ngati zosafunika kunena, koma pa tsiku la mwambo, ana 300 akudzala mothamanga kuti akamve zolankhula, mbande zambiri zimakwiriridwa zili m'machubu momwemo ndipo mizu imangozungulira m'kati mpaka mtengo kufa. Pa nkhalango ya nkhuni ndi milimo, mamita awiri pakati pa mitengo ndi muyezo wozolowereka. Bulugama asayandikire mjigo, dambo kapena munda wa oyandikana nawo.

Kuwerenga zotsala

Nambala imene imalengezedwa ndi ya mbande zodzalidwa. Imene imaphunzitsa ndi ya zamoyo. Wophunzira aliyense akhale ndi mzere wake wa mitengo 10 kapena 15, wolembedwa m'kope la kalabu, ndipo kuwerenga kuchitike katatu: patatha mwezi umodzi, kumapeto kwa mvula mu Epulo, ndi mu Okutobala dzuwa litafika pachimake. Mtengo uliwonse wakufa uzulidwe n'kuonedwa. Khungwa lodyedwa pa tsinde ndi dothi lomatidwa ndi chiswe. Nsonga yodulidwa ndi mbuzi. Muzu wopindika ngati mbedza ndiye kuti unadzalidwa molakwika. Tinene kuti munadzala 500 ndipo mu Okutobala mwapeza 140: ndiye kuti zapulumuka 28 pa 100 zilizonse, ndipo kope likuuzani ngati chaka chamawa ndalama ipite ku mpanda kapena ku machubu. Mphunzitsi asabise nambala yoipa pofuna kusangalatsa amene anapereka mbande. Achinyamata amalemekeza wamkulu amene amavomera zimene maso awo aona.

Kuteteza ku moto kumafuna kulambula kanjira ka mamita atatu kapena anayi kuzungulira nkhalango mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumiretu, ndi kupalira mozungulira kamtengo kalikonse. Kutentha udzu mwadala pofuna kuchepetsa moto wolusa ndi ntchito ya akuluakulu pamodzi ndi alangizi a zankhalango, osati ya ophunzira okha.

Pali njira ina yotchipa imene sukulu zambiri zimaidumpha chifukwa ilibe mwambo. Pa malo amene panali nkhalango yachilengedwe, zitsa za mombo ndi mitengo ina zimakhala zamoyo pansi ndipo zimaphukira chaka chilichonse. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, dulani zotsalazo, sadzani nthambi za m'munsi, tetezani ku moto ndi mbuzi. Mizu yake ndi yakale, yozama, motero chilala cha Okutobala sichiipha. Sukulu yokhala ndi kaphiri kumbuyo ingapindule kwambiri posamala mphukira kusiyana ndi kugula machubu. Apanso mwana wa kumudzi ndiye katswiri: amatchula dzina la chitsa chilichonse, amadziwa chimene chimapereka luzi, chimene chimakhala ndi mphalabungu, chimene pansi pake pamamera bowa. Mphunzitsi wochokera m'tauni alole kuphunzitsidwa, ndipo mayinawo alembedwe m'Chichewa, m'Chiyawo, m'Chitumbuka kapena m'Chilomwe pambali pa a m'buku.

M'madera ambiri nkhalango yachilengedwe yotsala ndi ya kumanda. Ndi umboni wabwino wa mmene dera linkaonekera kale, koma kwa Achewa malo amenewa ndi dambwe, ndipo kulikonse ndi malo aulemu. Ophunzira ayang'ane ali kunja, atapempha kaye kwa amfumu.

Zopima zosafuna ndalama

Chitini cha m'mbali mowongoka ndi rula ndi chopimira mvula chokwanira. Chiikidwe pa chipika pabwalo poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo chiwerengedwe nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse n'kukhuthulidwa. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Denga la makalasi la mamita 20 ndi 8 likalandira mamilimita 25 limagwetsa malita 4,000, ndowa 200 za malita 20, ndipo ophunzira akatsatira kumene madziwo amathamangira amapeza poyambira chigwembe chimene chikudya bwalo lawo. Kuchokera pamenepo, nkhani ya akalozera ndi udzu wa vetiva imamveka yokha.

Kukokoloka kwa nthaka kumaoneka ndi tizigawo tiwiri totsetsereka mofanana, china chophimbidwa ndi mapesi, china chopanda kanthu. Thirani kheni imodzi pa chilichonse, landirani madzi otsika m'mabotolo oonekera, adikhe usiku umodzi, m'mawa yerekezani matope. Nkhuni nazo zimapimika: ikani pa sikelo musanaphike ndi mutaphika, wiritsani malita asanu pa mafuwa atatu ndi pa Chitetezo Mbaula, ndi nkhuni za mtundu umodzi ndi poto mmodzi. Zotsatira zimasokonekera ngati nkhuni zina ndi zaziwisi kapena wosonkha moto wasintha, ndipo kuzindikira zimenezo ndi phunziro palokha.

Kwa ophunzira a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu izi si zongoyeserera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazanamazana anamwalira m'chigawo cha kumwera. Ku Phalombe akuluakulu amakumbukirabe napolo wa 1991. Mphunzitsi asamale: m'kalasi mungakhale ana amene anataya abale awo, ndipo kunena kuti anthu anadziputira okha podula mitengo ndi nkhanza, komanso si zoona zonse. Mvula yochuluka chotero pa phiri lotsetsereka imagumula ngakhale pamene pali mitengo. Chimene ophunzira angachite ndi kujambula mapu a dera lawo: mitsinje, makhwawa, nyumba zomangidwa m'njira ya madzi, ndi malo okwera othawirako.

Wa m'tauni amene sanagwirepo khasu ali ndi zake zoti aone: mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe, mitundu ya zinyalala zimene zimatseka ngalande, malo amene matumba a makala amafikira m'mawa pa njinga. Foni si mdani pano. Chithunzi chojambulidwa pa malo amodzimodzi mwezi uliwonse chimaonetsa kusintha kumene diso limaiwala.

Ulendo wa kumalo osungira nyama

Ulendo wa ku Liwonde, Majete, Michiru, Lilongwe Wildlife Centre kapena ku Cape Maclear umakhala chinthu chimene wophunzira amakumbukira moyo wonse, ndipo ambiri amakula osaonapo njovu ya m'dziko lawo. Majete ili ndi nkhani yabwino yophunzitsira: nyama zambiri zinali zitatha, bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2003, zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Koma ulendo wa tsiku limodzi umangokhala wokajambulitsa ngati ophunzira sananyamule mafunso. Aliyense apite ndi funso limodzi lolemba, ndipo akabwerako afotokozere amene anatsala. Kwa ana okhala m'mphepete mwa malowa njovu ndi chilombo chimene chinatha chimanga cha kwawo, ndipo mawu awo amveke, osatsutsidwa.

Chitetezo chimafuna kukonzekera kwenikweni. Makolo asaine kalata. Pakhale wamkulu mmodzi pa ophunzira 10 mpaka 15, ndipo pakati pawo pakhale mphunzitsi wamkazi, chifukwa makolo ambiri salola mwana wamkazi kupita popanda iye, ndipo mtsikana amene ali kumwezi amafuna wina womuuza ndi malo odzisamalira. Misonkhano ya kalabu ikamachitika madzulo kwambiri atsikana ndiwo amayamba kusiya, popeza akudikiridwa kunyumba ndipo njira ndi yaitali. Mumtsinje wa Shire muli ng'ona ndi mvuu, osayandikira m'mphepete. M'madzi odikha a m'madambo ndi m'mbali zina za nyanja muli nkhono zofalitsa likodzo, choncho osasambira mwachisawawa. Pa phiri la Mulanje mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwera kumtunda kokha, ndipo chifunga chimatseka njira pa mphindi zochepa: osakwera popanda wolondolera wodziwa phirilo, ndipo Sapitwa, wa mamita 3,002, si wa ulendo wa kalasi. Kukachita ziphaliwali osabisala pansi pa mtengo woima pawokha. Wina akalumidwa ndi njoka, osatema, osayamwa, osamanga chingwe mothina: agonekedwe, chiwalocho chisagwedezeke, anyamulidwe kupita kuchipatala.

Mitengo ndi ya yani?

Kalabu zambiri zimatha mphunzitsi woziyang'anira akasamutsidwa, kapena a Fomu 4 akalemba mayeso n'kuchoka ndi zonse zimene ankadziwa. N'chifukwa chake kope la kalabu liyenera kukhala la sukulu, aphunzitsi oyang'anira akhale awiri, ndipo utsogoleri uperekedwe kwa a Fomu 2 ndi Fomu 3 teremu yachiwiri isanathe. Nkhani ya phindu ikambidwe poyera pachiyambi pomwe. Ophunzira amene anathirira mitengo zaka zitatu akaona milimo ikudulidwa n'kugulitsidwa iwo osauzidwa kumene ndalama yapita, azing'ono awo sadzagwiranso kheni. Pangano lolembedwa, losainidwa ndi ahedi, komiti ya sukulu, amfumu ndi atsogoleri a kalabu, linene kuti wodula ndani, adula liti, mitengo ingati pa chaka, ndi gawo limene libwerere ku kalabu kukagulira machubu ndi kulipirira ulendo. Mbande zotsala pa nazale zigawidwe kwa ophunzira, aliyense zisanu kapena khumi, akadzale kwawo, ndipo nazonso zilowe m'kope kuti zidzawerengedwe mu Okutobala.